Sekondale ya mishoni, ya boma, yapulayiveti kapena seminale: kholo la Chikatolika lisankhe iti?

Mayina a ana osankhidwa kupita ku Fomu 1 akatuluka, m'mabanja ambiri mumabuka nkhani yosatha msanga, chifukwa kholo limayenera kuona ngati mwana apite kumene boma lamusankhira kapena limufunire malo kwina. Makolo ambiri amayang'ana zinthu ziwiri, kukula kwa fizi ndi mmene ana a pasukulupo amakhozera mayeso a MSCE. Ine ndikulembera makolo a Chikatolika amene ali ndi funso lachitatu, lakuti kodi mwana ameneyu, amene tinamubatizitsa ali wakhanda, tinamuyendetsa ku Tilitonse, maphunziro a ana a kutchalitchi, mpaka analandira Ukaristia woyamba, akadzamaliza zaka zinayi za ku sekondale adzakhala akupitabe ku Misa mwa kufuna kwake? Ena amatitcha osunga zakale, ndipo dzinalo ndimalivomera, popeza chimene tikufuna kusunga ndi chikhulupiriro chimene makolo athu anatisiyira.

Mpingo unayankhulapo kale pa nkhaniyi. Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gravissimum Educationis cha pa 28 Okutobala 1965, unaphunzitsa kuti makolo, poti ndiwo anapatsa ana moyo, ndiwo aphunzitsi oyamba ndi aakulu a ana awo, ndipo sukulu ndi boma zimabwera kudzathandiza. Malamulo a Mpingo a chaka cha 1983, pa lamulo 798, amati makolo apereke ana awo ku sukulu zophunzitsa mwa Chikatolika, koma ngati sangathe kutero, aonetsetse kuti anawo akuphunzira za chikhulupiriro kunja kwa sukulu. Mbali yachiwiri ya lamuloli ndi imene imatikhudza kwambiri kuno kwathu, kumene malo a ku sekondale ndi operewera ndipo ndalama zimavuta. Mpingo sudzudzula kholo limene lalephera kupezera mwana malo ku mishoni, komanso sulimasula pa udindo wake. Choncho ndikamayerekeza sukulu ndimafunsa kuti ndi gawo liti la ntchito yanga limene sukuluyi indisenzere, ndipo ndi liti limene litsalire ine. Kuti ndipeze yankho ndimaona amene ali ndi mphamvu pa aphunzitsi ndi pa zophunzitsidwa, mpata umene mwana ali nawo wolandira masakramenti, ndi zimene ana amachita kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamulungu usiku.

Ndiyambe ndi sukulu za mishoni, chifukwa ndi kumene mtima wa Mkatolika umayamba kuthamangira. Kuchokera pamene ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901 ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, tchalitchi ndi sukulu zakhala zikumangidwa moyandikana. Zomba Catholic, imene inatsegulidwa mu 1942, ndi imodzi mwa masekondale akale kwambiri m'dziko muno, ndipo mayina ngati St Patrick's ku Mzedi, St Mary's ku Zomba, Providence ku Mulanje, Likuni Boys ndi Likuni Girls, Mtendere ku Dedza, Ludzi ku Mchinji, Marymount ku Mzuzu ndi Chaminade ku Karonga amadziwika ngakhale kwa anthu amene si a mpingo wathu. Loyola ya ansembe a Jesuit ku Kasungu ndi yaposachedwa, inayamba kulandira ana mu 2015.

Ubwino wa sukulu zimenezi suyambira m'kalasi, uyambira pa kayendedwe ka tsiku. Belu la m'mamawa limaitanira ana ku mapemphero asanadye phala, wansembe amakhala pafupi moti mwana wofuna kulapa sayenda mtunda, m'miyezi ya Meyi ndi Okutobala ana amapemphera Kolona pamodzi, ndipo Lachisanu lililonse la m'nyengo ya Lenti amayenda Njira ya Mtanda. Tsiku lina nditapita kukayendera mwana wa mlongo wanga pa sukulu ina ya asisteri, ndinafika atsikana akutuluka m'tchalitchi, ndipo iye atandiona sanandithamangire, anayamba wamaliza kupinda nsalu za paguwa ndi anzake awiri, n'kubwera kudzandigwadira, kenako n'kuyamba kusuzumira m'jumbo ya zakudya imene ndinamutengera. Kunyumba mtsikana ameneyu ankachita kudzutsidwa kuti apite ku Misa. Palibe anamukakamiza kulowa gulu losamalira guwa, koma anapeza kuti pamalopo kupemphera ndi chinthu chimene atsikana anzeru ndi olemekezeka amachita, ndipo kwa mwana wa zaka 14 zochita za anzake zimalemera kuposa ulaliki wa makolo.

Komabe kholo lisaganize kuti sukulu iliyonse yokhala ndi mtanda pachipata ili m'manja mwa Mpingo kotheratu, ndipo apa ndi pamene nkhani ya sukulu imakumana ndi ndale. Sukulu zambiri za mishoni ndi zothandizidwa ndi boma: nthaka ndi nyumba ndi za dayosizi kapena za chipani cha abulazala kaya asisteri, koma boma limalipira aphunzitsi ambiri, limasankha gawo la ana olowa, silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso ndi a MANEB. Ubwino wake ndi wakuti fizi imatsika, mwana wa mlimi amatha kukhala pa desiki limodzi ndi mwana wa bwana. Kuvuta kwake ndi kwakuti mphunzitsi amene boma latumiza akhoza kukhala katswiri wa masamu koma wosalabadira za chikhulupiriro, ndipo mwini sukulu sangamubweze pa chifukwa chimenecho chokha. Amene anali akuluakulu mu 2000 akukumbukira mmene boma la a Bakili Muluzi linafunira kuchotsa phunziro la Bible Knowledge m'masekondale kuti m'malo mwake mulowe Religious and Moral Education, mipingo ya Chikhristu inakana, ndipo pamapeto pake maphunziro onse awiri anasiyidwa kuti akhalepo. Nkhani imeneyo inationetsa kuti zophunzitsidwa m'sukulu za mishoni zikhoza kusinthidwa ndi anthu amene sanapondepo pa mishoni. Masiku ano nkhawa ya makolo ambiri ili pa phunziro la Life Skills, makamaka mitu yokhudza kugonana ndi kulera. Ine sindili m'gulu la amene amafuna kuti mituyi ichotsedwe, chifukwa m'dziko limene Edzi yatilanda abale ochuluka chonchi, kubisira ana zoona ndi kuwapha. Chimene ndimafuna kudziwa ndi munthu amene akuphunzitsa, ndiponso ngati mwana akumva kuti kudzisunga mpaka ukwati ndi kotheka ndi kolemekezeka, kapena akungomva kuti aliyense amachita ndipo chofunika ndi kudziteteza. Pa sukulu ya mishoni kholo lili ndi khomo loti ligogode, kwa mphunzitsi wamkulu, kwa bambo mfumu, ngakhale kwa mlembi wa zamaphunziro wa dayosizi.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali Akatolika ena amene akamva zimenezi amayamba kuona boma ngati mdani wa banja. Mbiri yathu siyitiphunzitsa choncho. Kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, imene inachititsa kuti Monsignor John Roche wa ku Mzuzu athamangitsidwe m'dziko muno ndipo inatsegula njira ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993, inadandaulanso za kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi. Maepiskopi sanapemphe kuti boma lichoke m'maphunziro, anapempha kuti ligwire ntchito yake mwachilungamo. Mpingo womwewo, pamodzi ndi mipingo ina, ndi umene unatsogolera anthu kuyenda m'misewu pa 6 Disembala 2016 pokana bilo yofuna kufewetsa lamulo loletsa kuchotsa mimba. Mkatolika wosunga chiphunzitso amateteza mwana wosabadwa ndi mwana wophunzirira pansi pa mtengo ndi mtima umodzi, ndipo n'chifukwa chake sakwana bwino m'chipani chilichonse. Malamulo a Mpingo, pa lamulo 287, amaletsa ansembe kutenga mbali m'zipani za ndale, kutanthauza kuti ntchito imeneyo ndi yathu akhristu eniake, ndipo aphungu ndi nduna za mawa ali mu Fomu 1 lero. Sukulu imene imaphunzitsa mwana kumvera kokha, osamuphunzitsa kufunsa mwaulemu chifukwa chake chinthu chili cholakwika, sikutikonzera anthu oterowo.

Palinso sukulu za Mpingo zimene sizilandira thandizo la boma. Kumeneko mwini sukulu amalemba yekha aphunzitsi ndi kusankha yekha ana, kotero mzimu wa Chikatolika umasungika mosavuta, koma fizi imakwera kufika poti katekisiti wa parishi yomweyo sangakwanitse kulipirira mwana wake. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa amishoni anamangira sukulu ana a anthu wamba. Kholo limene lili ndi ndalama lisankhe sukulu yotere mosakayika, koma likumbukire kuti mwana wokulira pakati pa ana a olemera okhaokha amafunika kumutengera kumudzi pa holide kuti akaone mmene abale ake akukhalira.

Ana ambiri a Chikatolika, tinene zoona, sapita ku mishoni. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994 ana anachuluka kwambiri, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa malo ophunzirira a Malawi College of Distance Education (MCDE) kukhala masekondale oyendera a m'madera, amene tonse timawatcha ma CDSS. Makolo ambiri mwana akasankhidwira ku CDSS amagwa mphwayi, ndipo zifukwa zake n'zomveka: mabuku ndi ochepa, zipangizo za sayansi m'malo ambiri mulibe, aphunzitsi amaperewera. Koma pa funso lathu lachitatu lija, CDSS yapafupi ndi nyumba ili ndi mwayi umene sukulu yogonera komweko ilibe. Mwana amagona pakhomo, amadya ndi makolo ake, amapita ku mphakati kapena ku limana pamodzi ndi amayi ake, amapitiriza kutumikira ku Misa kapena kuyimba kwaya pa parishi imene anabatizidwira, ndipo akayamba kusintha khalidwe kholo limaona sabata yomweyo. Pa njira imeneyi sukulu siyisenza chilichonse cha ntchito yauzimu, yonse imatsalira banja, kotero ndi yabwino kwa makolo okhawo amene ali okonzeka kuzimitsa wailesi madzulo n'kugwada ndi ana awo, komanso kufunira mwanayo mabuku ndi maphunziro apadera kuti asatsalire pa mayeso.

Chimene ndimakana ndi mtima wonse ndi kutumiza mwana, makamaka mtsikana, ku CDSS yakutali kuti akadzigonere m'kanyumba ka lendi pa tauni yaing'ono, zimene ana amazitcha selofu. Kumeneko kulibe kholo, kulibe matroni, ufa ukatha pakati pa mwezi amene amabwera ndi thandizo ndi mwamuna wa pa sitolo kapena wa kabaza, ndipo usiku phokoso la m'nyumba zoonetsera mafilimu ndi m'mabala limalowa mpaka pa mphasa. Ngati palibe njira ina, kuli bwino kupempha bambo mfumu kapena amayi a Chikatolika a parishi ya kumeneko kuti akupezereni banja lodalirika losunga mwanayo, ngakhale mutamalipira ndi thumba la chimanga.

Masekondale a boma ogonera komweko ali pakati. Maphunziro amakhala abwinopo, malamulo alipo, ndipo ana a Chikatolika amakumana m'gulu la ophunzira la Young Christian Students (YCS). Moyo wa gululi umadalira mphunzitsi woliyang'anira ndi kutalika kwa parishi. Kumene mphunzitsiyo ndi wachangu, ana amaperekezedwa ku Misa Lamulungu ndipo amakonzekera Ulimbitso. Kumene kulibe wotero, mwana wathu amakopeka ndi mapemphero a SCOM, gulu la ophunzira a mipingo ina ya Chikhristu, amene nthawi zambiri amakhala ndi anthu ambiri ndi nyimbo zamoto. Sindikunyoza abale athu a mipingo ina, amene amasamala ana awo mwakhama lotichititsa manyazi, koma mwana amene sanaphunzitsidwe chifukwa chake timalemekeza Amayi Maria kapena timalapa kwa wansembe amabwerako pa holide ali ndi mafunso amene akanayenera kuyankhidwa asanachoke pakhomo.

Sukulu zapulayiveti n'zovuta kuziyika m'thumba limodzi, chifukwa zilipo zolongosoka kwambiri ndipo zilipo zimene ndi malonda basi. Chenjezo loyamba ndi la dzina. Sukulu ikhoza kutchedwa dzina la woyera mtima koma osakhudzana ndi dayosizi iliyonse, ndipo lamulo 803 la Mpingo limanena kuti palibe sukulu yoyenera kudzitcha ya Chikatolika popanda chilolezo cha akuluakulu a Mpingo. Kufunsa ku ofesi ya parishi kumathetsa chikayiko chimenechi tsiku limodzi. Chenjezo lachiwiri ndinaliphunzira movutika. Mwana wanga wamwamuna anakhalako teremu ziwiri pa sukulu ina yapulayiveti yotchuka ndi zotsatira zabwino, ndipo ndinadzazindikira mochedwa kuti Lamulungu m'mawa ankawalowetsa m'kalasi kukonzekera mayeso, mapemphero ake anali a mphindi zochepa mu holo, osakhala Misa, pamene Loweruka usiku disiko inkafika pakati pa usiku. Nditafunsa, anandiyankha mwaulemu kuti makolo amalipira kuti ana akhoze. Yankholo linali loona kumbali yawo, ndipo wolakwa ndinali ine amene ndinafunsa za mapointi ndi chakudya koma osafunsa za Lamulungu.

Nkhani ya disiko ikutifikitsa pa zosangalatsa, pamene ife eni ake osunga chiphunzitso timasiyana maganizo. Ena amati njira ndi kuletsa zonse: foni ayi, kanema ayi, nyimbo zakunja ayi. Ena amati tisinthanitse, m'nyumba muzimveka Radio Maria, imene yakhala ikuulutsa mawu kuchokera ku Mangochi kuyambira 1999, ndipo pa kanema pazioneka Luntha TV ya ku Balaka. Ena amati kholo lizikhala pansi n'kuonera limodzi ndi ana, kenako n'kukambirana. Chikalata cha Inter Mirifica cha mu 1963 chinaika pa makolo udindo woyang'anira zimene zikulowa m'nyumba mwawo, koma chinanenanso kuti achinyamata aphunzire kudziletsa ndi kuweruza okha zimene akuona ndi kumva. Kuletsa kokha kumagwira ntchito mwana ali wamng'ono, ndipo ndimagwirizana ndi sukulu zimene zimalanda mafoni pachipata, chifukwa mwana wa Fomu 1 alibe mphamvu zolimbana ndi TikTok pakati pa usiku. Koma sukulu yogonera komweko imangotseka chitseko kwa miyezi itatu, ndipo mwana amene sanaphunzire kusankha amameza zonse m'masabata a holide, pa foni ya msuweni wake. Kusinthanitsa kumathandiza, ngakhale kuti mnyamata wa zaka 16 sangakhalire nyimbo za kwaya zokha, ndipo sitiyenera kuyembekezera zimenezo. Njira yachitatu ndi yotopetsa koma ndi imene ndaona ikubala zipatso. Filimu ikaonetsa mwamuna wosiya mkazi wake ngati ngwazi, kapena nyimbo ikatamanda ndalama zobwera mosadziwika, ndimaimitsa n'kufunsa ana kuti akuona bwanji, ndipo nthawi zina mayankho awo amaposa anga. Pa sukulu, chizindikiro chabwino si kusowa kwa zisangalalo, koma kupezeka kwa mpira, zisudzo, magule a makolo athu ndi mipikisano ya makwaya, ndiponso mphunzitsi amene amayamba waonera filimu asanaionetse ku holo.

Za seminale yaing'ono ndinena mwachidule koma molimba. Pius XII ku Nguludi, Nankhunda ku Zomba, St Kizito ku Dedza ndi St Patrick's ku Rumphi ndi malo amene anyamata amaphunzira bwino, amapemphera mokwanira ndipo amatetezedwa ku zambiri zimene tatchulazi. Pa miyeso yanga itatu ija, seminale imapambana zonse. Koma inamangidwa kuti ithandize anyamata amene akumva kuitanidwa ku unsembe, ndipo akhristu amasonkha ndalama zoiyendetsera ndi cholinga chimenecho. Mnyamata amene walowa ndi mtima woona n'kudzazindikira kuti njira yake ndi ya banja sanalakwe, ndipo ambiri otere ndi mizati ya maparishi athu. Cholakwika ndi kholo kuphunzitsa mwana kunamiza bambo mfumu kuti akufuna unsembe pamene cholinga ndi mapointi a ku yunivesite, chifukwa phunziro loyamba limene mwanayo watenga ndi lakuti Mpingo ndi wodyerapo.

Ku America, Akatolika ambiri osunga chiphunzitso amaphunzitsa ana awo kunyumba, ndipo ena kuno amamva zimenezi pa intaneti n'kuzisirira. Njirayi imafuna kholo limodzi lokhala pakhomo tsiku lonse, lophunzira mokwanira kuphunzitsa sayansi ndi masamu a Fomu 4, komanso mabuku ambiri, zinthu zimene mabanja athu ochuluka alibe. Abale athu okhala ku England ali ndi mwayi wina, woti sukulu zambiri za Chikatolika kumeneko zimalipiridwa ndi boma ndipo zimayamba kulandira ana obatizidwa, kotero posamuka asaiwale kutenga kalata ya ubatizo ya mwana aliyense.

Mnzanga akandifunsa kuti ndimusankhire, ndimayamba ndi sukulu ya mishoni yothandizidwa ndi boma imene ili ndi wansembe kapena asisteri okhala pomwepo, chifukwa imaphatikiza masakramenti, mwambo ndi ana ochokera m'mabanja osiyanasiyana. Ikalephereka, ndimaika CDSS yoyendera kuchokera pakhomo patsogolo pa sukulu yapulayiveti imene sindikuidziwa bwino, malinga ngati banjalo limapemphera pamodzi ndipo lingathe kuthandiza mwanayo pa maphunziro. Sukulu ya boma yogonera komweko ndimaivomera ndikamva kuti YCS yake ili moyo. Musanalipire kalikonse, pitani pasukulupo Loweruka masana osati tsiku lolandira alendo, mupemphe kuona ndandanda ya Loweruka ndi Lamulungu, mufunse dzina la amene amaphunzitsa Life Skills ndi tsiku limene wansembe anabwera komaliza kudzamvetsa kulapa, ndipo mukatuluka pachipata mucheze ndi mlonda kapena amayi ogulitsa mandasi, amene amadziwa ngati ana amadumpha mpanda usiku.